Windo latsekedwa koma pulogalamu ikadali moyo

Ambiri tinazolowera zimenezi moti sitidabwanso nazo. Mwadina ka X kapamwamba kaja, windo lachoka, inu n'kumati pulogalamu yatha. Pakapita kanthawi mukufuna kuitsegulanso koma ikukana, kapena kompyuta ikukuuzani kuti fayilo yanu ikugwiritsidwa ntchito kwina. Kutsegula Task Manager, chida cha Windows choonetsa mapulogalamu omwe akuyenda, mukuipeza pulogalamu ija ili phee mumndandanda, yopanda nkhope. Tsiku lina zimabwera mwamtundu wina: mwadina X, windo lachita mbuu, pamwamba palembedwa kuti Not Responding, ndipo silikuchoka. Choipitsitsa ndi chachitatu, pomwe pulogalamu imatseka mwaulemu ndithu, koma mawa lake fayilo yomwe imasunga ija mumaipeza yoduka pakati, yosatseguka.

Mavuto atatuwa kawirikawiri amachokera pamalo amodzi. Mkati mwa pulogalamu munali wantchito wina amene anali asanaweruke, ndipo wolemba pulogalamuyo sanaganizire bwino za momwe wantchitoyo adzauzidwire kuti nthawi yakwana.

Wantchito ameneyu akatswiri amamutcha thread, liwu lomwe pachingelezi limatanthauza ulusi. Pulogalamu iliyonse ya mawindo ili ndi thread imodzi yaikulu yomwe ntchito yake ndi kulandira mauthenga: munthu wadina apa, walemba chilembo chakuti, windo lasunthidwa ndiye lijambulidwenso. Imatenga uthenga pamzere, kuuchita, kutenga wina, osapuma. Ikangotanganidwa ndi ntchito yaitali, mauthenga amaunjikana. Windows ikaona kuti windo latha masekondi 5 osayankha, imalilemba kuti Not Responding, ndipo Android nayo imadikira masekondi 5 omwewo isanafunse mwini foni ngati akufuna kutseka pulogalamu yosayankhayo. N'chifukwa chake ntchito zolemera, monga kukoka fayilo yaikulu pa intaneti, kuwerengetsa magiredi a sukulu yonse kapena kukopera zithunzi mazanamazana, zimaperekedwa kwa mathread ena ogwira ntchito kuseri.

Taganizirani za chigayo. Pakhomo pali mayi wolandira ndalama ndi kuyeza chimanga, kumbuyo kuli anyamata pa makina. Onsewa ali m'nyumba imodzi, akugwiritsa ntchito zitini zomwezo, sikelo yomweyo, buku la ndalama lomwelo. Mathread nawonso ndi choncho, amagawana memory imodzi, malo omwe pulogalamu imasungamo zinthu ikamagwira ntchito, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Nthawi yotseka ikakwana, mayi uja atha kungokhoma chitseko n'kumapita, anyamata n'kutsala mkati makina akulira. Atha kuzimitsa magetsi chimanga cha munthu chili pakati pogayidwa. Kapenanso atha kuima pakhomo n'kumadikira mnyamata, pomwe mnyamatayo akudikira mayi yemweyo kuti amubweretsere thumba lothiramo ufa. Mavuto atatu aja ndi amenewa.

Bwanji osangoipha?

Aliyense amene wangoyamba kumene kulemba mapulogalamu amafunsa funso ili, ndipo ndi funso lanzeru. Kale njira yophera thread inalipo pafupifupi paliponse. Chosangalatsa n'choti magulu osiyanasiyana, aliyense payekha, anafika poitaya.

Pa Windows pali njira yophera thread yotchedwa TerminateThread, ndipo malangizo a Microsoft eni ake amanena mosabisa kuti ndi yoopsa. Chifukwa chake ndi maloko. Mathread awiri akamagwiritsa ntchito chinthu chimodzi, amasinthana loko kuti asachigwire nthawi imodzi. Mukapha thread ili ndi loko m'manja, lokoyo samasulidwanso. Ngati loko wake anali woteteza malo omwe pulogalamu yonse imapemphako memory, ndiye kuti thread ina iliyonse yofuna memory idzaima pamenepo mpaka kalekale. Mwapha mnyamata kiyi wa sitolo ali m'thumba mwake, ndipo mwamukwirira naye.

Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inayesa njira ina yotchedwa Thread.stop. Thread.stop inkamasula maloko onse pophapo, zomwe zikumveka ngati nzeru mpaka mutaganizira chifukwa chomwe lokoyo anakhomedwera. Tinene kuti thread imasamutsa ndalama, yachotsa kale ku akaunti iyi koma sinaike ku akaunti inayo. Loko akamasulidwa pamenepo, mathread ena amalowa n'kupeza mabuku osagwirizana, n'kumapitiriza ntchito ngati zonse zili bwino. Kusiya loko wokhoma n'koipa, kumumasula n'koipanso. Thread.stop inalembedwa kuti isagwiritsidwenso ntchito mu Java 1.2 m'chaka cha 1998, koma inakhalabe zaka zambiri chifukwa mapulogalamu akale ankaidalira. Mu Java 20, ya 2023, m'pomwe inasiyiratu kugwira ntchito: mukaiitana imangokuponyerani UnsupportedOperationException. Ku .NET, chida cha Microsoft cholembera mapulogalamu, nako Thread.Abort inaona zomwezo, moti mu .NET 5 ndi zotsatira zake imakana. Python, chilankhulo chinanso, siinapereke n'komwe njira yovomerezeka yophera thread. Qt, chida chopangira mawindo, ikadali ndi terminate, koma chenjezo lomwe lili pambali pake ndi lokwanira kukubwezani.

Choncho thread simungaiimitse bwinobwino muli kunja kwake. Mungathe kuipempha basi, ndipo iyo iyenera kukhala kuti inalembedwa moti izimva pempholo.

Pali njira yachidule yomwe imakopa anthu ambiri, ndipo ine ndinaigwiritsapo ntchito nthawi yaitali ndisanapse nayo. Mu Python mumalemba daemon=True, mu Java setDaemon, mu .NET IsBackground. Tanthauzo lake n'loti pulogalamu isadikire thread imeneyi potuluka. Vuto la Task Manager lija limatheratu pomwepo, n'chifukwa chake anthu amaikonda. Koma thread yotere imadulidwa pomwe yafika, osapatsidwa mpata wotseka fayilo kapena kumaliza zomwe imalemba mu database. Kwa thread yomwe imangoyang'ana nthawi kapena kufunsa ngati netiweki ilipo, palibe vuto. Kwa thread yolemba chilichonse pa disiki, ndiko kuzimitsa magetsi chimanga chili m'chigayo. Ine ndinaphunzira izi pa kapulogalamu komwe ndinalembera ofesi ina kotulutsa malipoti: wina anatseka windo lipoti likusungidwa, fayilo yakale n'kufufutika, yatsopano n'kutsala theka.

Mukasiya osachita chilichonse, chotsatira chake chimadalira chida chomwe mukugwiritsa ntchito. Java ndi Python zimadikira mathread onse omwe si a daemon, ndiye pulogalamu imatsala yamoyo windo litapita. Mu Swing, chida cha Java chopangira mawindo, muli msampha wina pamwamba pake: windo lake lotchedwa JFrame mukapanda kuliuza, kudina X kumangobisa windo osati kulitseka. C++ ilibe chifundo chotere. Kuyambira mu C++11, std::thread ikawonongedwa musanaidikire ndi join kapena kuimasula ndi detach, pulogalamu yonse imagwa nthawi yomweyo. Ogwiritsa ntchito Qt ndi PyQt amaudziwa pamtima uthenga woti "QThread: Destroyed while thread is still running", umene nthawi zambiri umatsatana ndi kugwa kwa pulogalamu.

Kupempha

Pempho lenileni ndi kanthu kakang'ono. Pamakhala chizindikiro chimodzi chomwe thread yaikulu imakweza ngati mbendera, ndipo wantchito amachiyang'ana pafupipafupi. Akachiona amamaliza kachigawo komwe ali nako m'manja, kutseka mafayilo, kumasula maloko, n'kutuluka yekha. Mayina okha ndiwo amasiyana: threading.Event mu Python, interrupt mu Java, CancellationToken yomwe inabwera ndi .NET Framework 4 mu 2010, requestInterruption yomwe Qt inawonjezera mu 5.2, ndi stop_token ya C++20 yomwe imayenda ndi std::jthread. Jthread imeneyi ikamawonongedwa imapempha yokha kuti ntchito iime kenako n'kudikira, zomwe zinachotsa msampha wa C++11 uja.

Wina angafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito variable wamba, kamalo kosungamo inde kapena ayi. Mu Java ndi C++ zimenezi zimaluma. Compiler, pulogalamu yomasulira khodi kuti kompyuta iimve, ikaona kuti mkati mwa loop, gawo la khodi lobwerezabwereza, palibe chomwe chikusintha variable ija, ili ndi ufulu woiwerenga kamodzi kokha n'kusunga yankho. Mbendera imakwezedwa, wantchito osaiona. N'chifukwa chake mu Java pamafunika volatile ndipo mu C++ pamafunika std::atomic. Choipa cha vuto limeneli n'choti limakonda kubisala mukamayesa pa kompyuta yanu, n'kudzaonekera pa kompyuta ya kasitomala.

Kuti wantchito aziyang'ana mbendera kangati, zimadalira momwe mwaidulira ntchito. Ngati akukopera mafayilo 500, ayang'ane akamaliza fayilo iliyonse. Ngati fayilo imodzi ndi ya magigabayiti awiri, kudikira kuti ithe n'kochedwa, ndiye aziikopera m'tizidutswa n'kumayang'ana pakati pa tizidutswato. Mulingo wanga ndi woti munthu akadina X asadikire kupitirira sekondi imodzi kapena ziwiri popanda kuona kanthu kakuchitika.

Zonsezi ndi zophweka thread ikakhala maso. Mutu umayamba kupweteka ikakhala kuti yagona.

Thread zambiri zakuseri zimatha nthawi yawo yambiri zikudikira: kudikira ntchito yatsopano pamzere, kudikira yankho la seva, kudikira kuti mphindi ikwane. Thread yodikira siyang'ana mbendera, chifukwa palibe mzere wa khodi womwe ikuyendetsa. Ngati munalemba time.sleep ya masekondi 60, pulogalamu yanu itha kutenga mphindi yathunthu kuti itseke. Mankhwala ake ndi kugona pa mbendera yeniyeniyo, kutanthauza kugwiritsa ntchito wait ya Event ija ndi masekondi 60 omwewo. Ikakwezedwa, thread imadzuka pompo. Yodikira pa Queue, mzere wa ntchito uja, anthu akhala akuidzutsa poiponyera chinthu chapadera, kawirikawiri None, chomwe wantchito amadziwa kuti tanthauzo lake ndi kuweruka. Ngati antchito ali anayi, muponye zinayi, apo ayi atatu atsala m'tulo. Python 3.13 inabweretsa shutdown pa Queue yochita ntchito yomweyi mwadongosolo.

Netiweki ndiye yovuta kuposa zonse, ndipo kwa ife amene intaneti imaduka pakati pa ntchito nkhaniyi si yongomva. Thread ikatumiza pempho ku seva netiweki n'kufa osatsanzika, itha kudikira yankho nthawi yaitali kwambiri. Laibulale (khodi yolembedwa kale ndi ena) yotchuka ya Python yotchedwa requests ilibe malire a nthawi pokhapokha mutawaika nokha ndi timeout. Mu Java, interrupt imadzutsa thread yomwe ili pa sleep kapena wait, koma thread wamba yomwe ikuwerenga pa Socket yachikale, njira yolumikizira ku netiweki, siidzuka nayo. Njira yake ndi kutseka socket yeniyeniyo kuchokera ku thread ina, kuti wowerengayo alandire error n'kutuluka. Lamulo lomwe ndimadziikira n'loti pasakhale malo alionse pomwe thread ingadikire popanda malire a nthawi kapena popanda njira yoidzutsira.

Pali timisampha tina tiwiri toyenera kutchulidwa. Mu Java, InterruptedException ikaponyedwa mbendera ija imatsitsidwa. Amene amaigwira n'kungoinyalanyaza kuti compiler isiye kudandaula wameza pempho, ndipo thread ipitiriza ngati sinauzidwe kanthu. Ayenera kutuluka pomwepo kapena kukwezanso mbenderayo. Mu Qt, ambiri amaganiza kuti quit imaimitsa thread. Chomwe imachita n'kuuza thread kuti isatengenso uthenga wina pamzere wake. Ngati ili pakati pa ntchito ya mphindi khumi, quit idikira mphindi khumizo.

Kudikirana mpaka imfa

Mwapempha, wantchito wamva. Tsopano muyenera kumudikira atuluke musanagwetse windo, chifukwa akapitiriza kulemba pa windo lomwe kulibe, pulogalamu igwa. Mu Tkinter, chida cha Python chopangira mawindo, apa m'pomwe pamatulukira uthenga woti "main thread is not in main loop". Nzeru yoyamba yomwe imabwera ndi kuitana join kapena wait pomwepo mu khodi yotsekera windo. Kawirikawiri zimayenda, koma tsiku lina pulogalamu imangouma.

Chomwe chachitika ndi ichi. Pafupifupi zida zonse zopangira mawindo zimaletsa thread yakuseri kukhudza windo mwachindunji. Wantchito akafuna kusintha kamzere koonetsa pomwe ntchito yafika, amatumiza uthenga kwa thread yaikulu kuti imuchitire. Njira zina zotumizira zimamuimitsa mpaka uthengawo utachitidwa: Invoke mu Windows Forms, invokeAndWait mu Swing, BlockingQueuedConnection mu Qt. Ndiye thread yaikulu yaima pa join kudikira wantchito, wantchito waima pa Invoke kudikira thread yaikulu. Ndi mayi uja pakhomo ndi mnyamata wodikira thumba. Palibe amene angasunthe, ndipo popeza zimadalira kuti munthu wadina X pa kamphindi kati, zimatha kuchitika kamodzi pa maulendo zana, zomwe zimachititsa kuti kuzifufuza kukhale kowawa.

Theka la mankhwala ndi kugwiritsa ntchito njira zotumizira zosadikira, monga BeginInvoke ndi invokeLater. Theka linalo, lomwe ine ndimaliona lofunika koposa, ndi kusadikira choima. Munthu akadina X, pulogalamu ikane kaye kutseka, ikweze mbendera, n'kubwerera kukalandira mauthenga monga mwa masiku onse. Wantchito akatuluka m'pomwe windo ligwetsedwe. Mu Tkinter zimaoneka motere:

```python
imani = threading.Event()

def ntchito():
    for fayilo in mafayilo:
        if imani.is_set():
            break
        tumiza(fayilo)

def potseka():
    imani.set()
    dikira()

def dikira():
    if wantchito.is_alive():
        windo.after(100, dikira)
    else:
        windo.destroy()

windo.protocol("WM_DELETE_WINDOW", potseka)
```

Thread yaikulu ikungosuzumira pa mamilisekondi 100 alionse, ndipo pakati pake ili ndi mpata wojambula windo ndi kuyankha wantchito. Mu Qt mumakana closeEvent ndi ignore kenako n'kutseka windo chizindikiro cha finished chikafika. Mu Windows Forms mumaika Cancel mu FormClosing. Kumbukiraninso kuti panthawi yodikirayi windo likadali lamoyo, ndiye munthu atha kudina batani loyambitsa ntchito ina kapena kudinanso X kachiwiri. Mabataniwo azimitsidwe kaye, ndipo palembedwe mawu ngati "Tikumaliza kusunga, dikirani pang'ono". Ngati muli ndi gulu la mathread, ntchito zomwe zili pamzere zisanayambe zichotsedwe. Mu Python kuyambira 3.9 shutdown ya executor, woyang'anira gulu la mathread, imalandira cancel_futures pa chifukwa chimenechi, ndipo Java ili ndi shutdownNow.

Nanga wantchito akakana kutuluka? Zimachitika, makamaka akakhala mkati mwa laibulale ya anthu ena yomwe simungailowerere. Apa maganizo amasiyana. Ena amati dikirani mpaka atuluke. Ine ndimati ikani malire, masekondi angapo, kenako mufunse munthuyo ngati akufuna kudikirabe kapena kutuluka mokakamiza. Akasankha kutuluka, thetsani pulogalamu yonse, osati thread yokhayo. Zikumveka ngati nkhanza yoposa, koma n'zotetezeka kuposa TerminateThread, chifukwa palibe thread yotsala yoti ikakodwe pa loko wosiyidwa, ndipo memory ndi mafayilo otsegula zimatengedwanso ndi opareting'i sisitemu. Ntchito yomwe mukudziwiratu kuti siimva pempho ndi bwino kuiika mu process yakeyake, kutanthauza pulogalamu yoyenda payokha, kuyambira pachiyambi. Process ili ndi memory yakeyake, ndiye kuipha sikuwononga za mnzake. Asakatuli amakono monga Chrome amagawa masamba m'maprocess osiyana, n'chifukwa chake tsamba limodzi likauma mutha kulitseka ena n'kutsala.

Pomwe palibe wokufunsani

Zonse tafotokozazi zikuganizira kuti munthu wadina X ndipo pulogalamu ili ndi nthawi. Si nthawi zonse. Kompyuta ikamazimitsidwa, Windows imatumiza uthenga wina, WM_QUERYENDSESSION, ndipo imangodikira masekondi ochepa isanaonetse munthu mndandanda wa mapulogalamu omwe akuchedwetsa, pamodzi ndi batani lozimitsa basi. Kuyambira pa Windows Vista pulogalamu itha kulembetsa chifukwa chake kudzera mu ShutdownBlockReasonCreate kuti munthuyo awerenge asanasankhe, koma chisankho ndi chake. Pa Linux pamabwera SIGTERM, yomwe ndi pempho, kenako SIGKILL, yomwe siikanidwa. Systemd, yomwe imayatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu pa Linux, mukapanda kuisintha imadikira masekondi 90 pakati pa ziwirizi. Khodi yanu yotsekera ikhale pamalo amodzi oti njira zonsezi zifikepo, osati yomangiriridwa pa batani la X lokha.

Ndiye pali kuzima kwa magetsi, komwe sikutumiza uthenga uliwonse. Pa kompyuta ya pa desiki yopanda batire, mathread onse amafa pa kamphindi kamodzi, mbendera kapena ayi. Apa n'chifukwa chake ndimaona kuti kutseka mwadongosolo ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo n'kulemba mafayilo mwanjira yoti imfa yadzidzidzi isawononge kanthu. Musalembe pamwamba pa fayilo yakale. Lembani mu fayilo yongoyembekezera pambali pake, muonetsetse kuti zafikadi pa disiki ndi fsync, kenako musinthe dzina lake kuti ilowe m'malo mwa yakaleyo. Kusintha dzinako kumachitika kamodzi n'kamodzi, ndiye chomwe mungapeze mawa ndi fayilo yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu. Mu Python muli os.replace kuyambira 3.3, ndipo Qt ili ndi QSaveFile yochita zonsezi yokha. Ngati zosungazo ndi zambiri, database yotchedwa SQLite imasunga kaundula wa zomwe ikusintha, moti ikadulidwa pakati imabwezera zinthu momwe zinalili ikadzatsegulidwanso.

Kapulogalamu ka malipoti kaja nditakakonza, ndinakayesa mwanjira yomwe ndikanayambira pachiyambi. Ndinayambitsa lipoti lalikulu n'kudina X pakati. Ndinazula waya wa netiweki kenako n'kudina X. Ndinadina X kawiri motsatizana, n'kuzimitsa kompyuta lipoti likusungidwa, n'kupha pulogalamu mu Task Manager. Pa ulendo uliwonse ndinkayang'ana ngati dzina lake lachoka pamndandanda komanso ngati fayilo ikutseguka. Pa waya wa netiweki m'pomwe kanagwa: panali pempho limodzi lopita ku seva lomwe ndinaiwala kuliikira timeout, ndipo windo linakhala likunena kuti "dikirani pang'ono" mpaka ndinabwezeretsa wayawo.